Kuchoka pa Corolla kupita pa Subaru: zimene tinakumana nazo pokwera kalasi mu rally

Kwa zaka zitatu tinkathamangitsa Toyota Corolla yakale m'mipikisano ya rally kuno ku Zambia, m'kalasi ya magalimoto ang'onoang'ono okoka ndi mawilo awiri. Tinalipo asanu. Alamu anga ndiwo ankagwira chiwongolero, msuweni wawo, mayi wophunzitsa masamu kusekondale, ndiye anali navigeta, wowerengera dalaivala njira, ine makaniko, kuphatikizapo anyamata awiri a pagalaja yanga mu Lusaka. Panalibe wolandira malipiro. Corolla ija sinali yaliwiro koma inkafika, ndipo ife tinkadziguguda pachifuwa kuti ikufika chifukwa cha luso lathu. Lero ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti inalibe ngakhale mphamvu zoti n'kudzithyola yokha.

Matenda anayamba mu 2021, pamene Safari Rally ya ku Kenya inabwereranso pa mpikisano wa padziko lonse lapansi, ife tikuonera pa foni titaunjikana pa benchi. Anakula mu 2022 pamene Leroy Gomes ndi mkazi wake Urshlla anatenga ukatswiri wa Africa pa Ford Fiesta. Alamu anga anakula akumva dzina la Satwant Singh, katswiri wakale wa rally wa kuno ku Zambia, ndiye kuona chikho chabwereranso kwathu kunawasowetsa tulo. Tsiku lina madzulo anandipeza ndikusamba m'manja ndi petulo.

"Alamu, fumbi la anzathu tizimeza mpaka liti? Tikwere kalasi."

Za Fiesta sitinalote n'komwe, ndalama zake si za anthu ngati ife. Tinagulitsa Corolla, tinasonkherana, n'kugula Subaru Impreza WRX STI ya 2003 yomwe inagundidwa kutsogolo. Cholinga chinali kulowa m'gulu la magalimoto a turbo okoka ndi mawilo onse anayi, potsata malamulo a Group N, kalasi ya magalimoto osasinthidwa kwambiri kuchokera mmene anatulukira kufakitale. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena amene akuyang'ana Subaru kapena Mitsubishi Evo yakale ndi maso omwe tinali nawo ife, ndipo ndondomeko imene tinatsata inali yozondoka.

Ndalama zoyamba tinaziponya mu injini. Tinaitanitsa turbo yaikulu, ma injector aakulu, ndipo tinalipira munthu kuti asinthe mapu a kompyuta ya galimoto. Itatuluka inkabangula moti anyamata a m'magalaja oyandikana ankasiya ntchito kudzaonerera. Tinaiyesa pamsewu wina wafumbi kunja kwa tauni, alamu anatsika akunjenjemera miyendo koma mano onse ali pamtunda. Buku la malamulo n'kuti lili mu foni ya aphunzitsi, palibe amene walitsegula. Iwo ndiwo analiwerenga, patapita miyezi iwiri, n'kunditumizira uthenga usiku: "Achimwene, restrictor munaiona?"

Safunsa anadya phula. Mu Group N, mpweya wonse wolowa mu turbo uyenera kudutsa pa restrictor, kachitsulo kokhala ndi bowo la mamilimita 33 basi, losasiyana kwenikweni ndi chitsekerero cha botolo. Kachitsuloko kamamangidwa pakamwa penipeni pa turbo, ndipo mitu ya mabawuti ake imabooledwa kuti oyendera magalimoto alowetsepo waya n'kumata chidindo. Turbo yakenso iyenera kukhala imene inalembedwa m'mapepala ovomereza mtundu wa galimotoyo. Yathu yaikulu ija sikanaloledwa, komanso ikanaloledwa sikanathandiza, pakuti n'chimodzimodzi kupatsa munthu mapapo a ng'ombe n'kumuuza kuti azipumira m'bango. Tinaigulitsa moluza, tinabwezeretsa turbo yakale, n'kulipiranso kachiwiri wa mapu uja.

Restrictor imasintha khalidwe lonse la galimoto, ndipo izi dalaivala ayenera kuziphunzira ndi thupi lake. Corolla inkafuna kuikweza mpaka ilire ngati ikufa kuti iyende. Subaru yokhala ndi restrictor imakoka mwamphamvu pakatikati, koma singano ya ma rev ikamadutsa cha m'ma 5,500 imayamba kubanika, phokoso lokhalokha liwiro osawonjezeka. Alamu anazolowera kusintha giya mochedwa, ndiye zinawatengera nthawi kuti akhulupirire kuti kuponya giya msanga ndiko kuthamanga. Pa mapu achiwiriwa ndinaumirira chinthu chimodzi: tikonzere petulo amene tidzamupezadi pa tsiku la mpikisano, osati wapamwamba amene tamugula kamodzi kokha. Injini ya Subaru imeneyi, EJ20, siikhululuka ikayamba kugogoda chifukwa cha petulo wofooka ndi kutentha. Mapisitoni amang'aluka m'mbali mwa ma ring. Tinalolera kutaya mphamvu pang'ono. Pa zonse zimene tinachita miyezi imeneyo, ichi chokha ndicho ndinganene kuti tinalondola.

Kenako panabwera nkhani ya keji, chikhola cha mapaipi chimene chimateteza anthu galimoto ikagubuduzika. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene munthu angafere.

Mnyamata wina wodziwa kuwotcherera, amene amatipangira mageti ndi mashelefu, anati ntchitoyo aigwira pa mtengo wabwino, ndipo anabwera ndi mapaipi a ku hadiweya. Poyang'ana kunja anali okongola, olemera bwino. Ndinalowetsa chala m'kati mwa paipi imodzi ndipo ndinamva kamzere kotukuka kuyambira uku mpaka uko. Umenewo ndi msoko. Paipi yotere imapangidwa popinda chitsulo chafulati n'kuchilumikiza, ndipo ikapanikizika imang'ambika potsata msokowo. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse lapansi, mu Appendix J gawo 253, amafuna paipi yachitsulo yopanda msoko. Chipilala chachikulu cha kumbuyo kwa mipando chikhale cha mamilimita 45 m'mimba mwake ndi 2.5 kuchindikala, kapena 50 ndi 2.0, mbali zina zing'onozing'ono 38 ndi 2.5, kapena 40 ndi 2.0. Paliponse pamene phazi la keji likuponda pathupi la galimoto pamafunika chitsulo chokhuthala mamilimita atatu, chotambalala masikweya sentimita 120, kuti phazilo lisaboole pansi ngati chidendene cha nsapato m'matope.

Mnyamata uja anakwiya, anati ndikumuderera. Mapaipi ake anabwerera nawo. Tinadikira milungu isanu kuti oyenera afike kuchokera ku South Africa kudzera pa Chirundu, ndipo ntchito tinaipereka kwa mdala wina amene anamangapo makeji ambiri. Nditamuonerera ndinazindikira kuti ngakhale ndi mapaipi abwino ife tikanalakwitsabe. Mfundo iliyonse imafunika kuwotcherera kuzungulira paipi yonse, ndi pamwamba pomwe, pafupi ndi denga pamene dzanja silifika. Mdalayo anaboola pansi pa galimoto malo anayi, anatsitsira keji m'mabowomo kuti pamwamba papezeke mpata, anawotcherera, anaikwezanso, kenako n'kutseka mabowo aja ndi zitsulo za mapazi. Ndinamufunsa ngati oyendera amafikadi kumeneko.

"Mwana wanga, amabwera ndi kagalasi ka mano. Koma usamangire iwo ayi. Mangira alamu ako."

Musanadule paipi ngakhale imodzi, funsani a Zambia Motor Sport Association kapena bungwe la m'dziko lanu kuti pa kalasi imene mukufunayo amalola keji yomanga nokha kapena amafuna yokhala ndi satifiketi. Mipikisano ya m'dziko ndi yakunja siifanana pa nkhaniyi. Ndipo galimoto ikadali chigoba chotero, mipando ndi mawaya zitachotsedwa, ndiyo nthawi yowotcherera misoko ya thupi lake mwa apo ndi apo, makamaka pamitu ya mashoki. Mukaiphonya nthawi imeneyo mudzaphwasulanso zonse.

Pa mipando tinagwa m'mbuna ina. Zinthu zotetezera moyo mu rally zili ndi tsiku lothera ntchito ngati mankhwala. Mipando ya muyezo wa FIA 8855-1999 imagwira zaka zisanu, malamba zaka zisanunso, ndipo chaka chake chimalembedwa pa kachikwangwani komatidwa pambali. Ife tinagula mipando iwiri yakale kwa munthu wina pa intaneti, yooneka ngati yatsopano, nsalu yake yosang'ambika pena paliponse. Chikomekome cha mkuyu. Itafika ndinaitembenuza n'kupeza kuti yatsala ndi miyezi inayi. Wogulitsayo sanatinamize, sitinamufunse basi. Masiku ano ndisanatumize ndalama ndimayamba ndapempha chithunzi cha kachikwangwaniko. Zipewa, chotchinjiriza khosi cha HANS, maovolosi osagwira moto ndi zozimitsira moto, zonsezi ziwerengereni pamodzi poyambirira, chifukwa zikaphatikizana zimadya ndalama yofanana ndi galimoto ina yaing'ono.

Ya marimu ndiye yoseketsa. STI imabwera ndi mabuleki a Brembo, aakulu, agolide, amene aliyense amawasirira. Koma matayala a rally ya pafumbi ndi a mainchesi 15, ndipo rimu ya 15 siilowa pa Brembo. Zinatiwawa, koma tinawachotsa n'kuikapo ang'onoang'ono a mapisitoni anayi kutsogolo ndi awiri kumbuyo, ndi mapadi a mpikisano. Marimu asanu ndi atatu tinawapeza kwa wina amene ankasiya masewerawa. Mnyamata wanga ananyamula imodzi, n'kuikankhira pa habu, kuitembenuza uku, kuitembenuza uku, osalowa. Mabowo asanu ndithu, koma otalikirana. Ma STI akale ngati yathu mabowo ake ali pa mzere wozungulira wa mamilimita 100 m'mimba mwake, pomwe a cha m'ma 2005 kupita m'tsogolo ndi 114.3. Ine makaniko wa zaka zonsezi sindinayeze. Mwamwayi anapezeka wina amene anali ndi vuto lotembenuza la lathuli, tinasinthana.

Pofika pa mashoki thumba linali litapepuka, chonsecho ndi pamene panayenera kupita ndalama zambiri kuposa pena paliponse. Pamsewu wa mabampu shoki wamba imatentha m'mphindi zochepa, oyilo wake amachita thovu, galimoto n'kuyamba kudumpha ngati bwato. Tinagula akale a rally okhala ndi timabotolo tapadera ta oyilo, n'kuwatumiza kuti akawakonzenso. Pansi pa injini tinamanga sump guard ya aluminiyamu yokhuthala, mabulaketi ake ndinapanga ndekha usiku wa Lachitatu, mpikisano uli Loweruka. Mabulaketi amenewa muwakumbukire.

Tinali titagwirizana kuti tidzapatula tsiku lathunthu loyesa galimoto. Tsikulo linadyedwa ndi marimu, ndi mipando, ndi kudikira katundu pa boda. Subaru inakwera pa ngolo itayenda makilomita osakwana khumi chiimangireni, ndipo onsewo pa tara. Ku scrutineering, kumene amayendera magalimoto mpikisano usanayambe, tinadutsa. Mkulu woyendera anayeza restrictor, anamanga waya wake, analowetsadi kagalasi pamwamba pa keji, anawerenga zaka za malamba, n'kumata chizindikiro. Tinaomberana m'manja ngati tapambana kale.

Mpikisano unali kumafamu, mwezi wa Okutobala, dzuwa lake lija lowotcha ndi pamthunzi pomwe. Siteji yoyamba, ndiye kuti chigawo choyamba cha njira yothamangamo, anamaliza bwino, ngakhale aphunzitsi anatsika ali chete modabwitsa. Pa yachiwiri tinadikira ku sevisi, magalimoto onyamuka pambuyo pawo anayamba kufika, iwo osaoneka. Kenako foni inalira.

"Alamu, yazima. Ikutuluka nthunzi."

Titaikoka n'kuchotsa sump guard, nkhani yonse inali poyera. Pa dzenje lina galimoto inatera ndi mimba, bulaketi yanga ya kumanja inapindikira m'mwamba pang'ono chabe, ngati utali wa chala, ndipo nsonga yake inakakhudza paipi ya labala yapansi ya radiyeta. Injini ikamagwedezeka, nsongayo inkacheka pang'onopang'ono ngati mpeni wobuntha. Bowo lake linali laling'ono loti njere ya chimanga siingalowe. Madzi onse anathera pamenepo. Alamu analumbira kuti geji ya kutentha sinakwere kwambiri, ndipo ndikuwakhulupirira: madzi akatha, sensa imatsala mu mpweya, singano imatha kunama. Komanso munthu amene akuthamanga pakati pa mitengo sayang'ana kasingano kobisala kuseri kwa chiwongolero. Injini ya Subaru ndi yogona, ili ndi mahedi awiri, uku ndi uku. Onse awiri anapindika, magasiketi onse anapsa.

Nsonga ija ndikanaipala ndi galainda m'mphindi ziwiri. Tikanayenda makilomita makumi asanu pafumbi mpikisano usanafike n'kugona pansi ndi tochi, ndikanaona pamene labala wayamba kunyezimira. Usiku umenewo sindinadye. Kunyumba mayi a ana anangondiyang'ana, n'kufunsa ngati ya sukulu ya temu yotsatira ilipo kapena nayonso yatuluka nthunzi. Funso limenelo linali loyenera, ndipo amene mukufuna kulowa m'masewerawa muliyankhe musanagule galimoto.

Kukhala chete kwa aphunzitsi kunadzamveka patapita masiku. Anati pa siteji yoyamba ija anasochera m'manotsi katatu. Manotsi amene ankalemba pa recce, pamene amayendera njira pang'onopang'ono mpikisano usanayambe, anali a liwiro la Corolla. Mu Corolla ankatha kutchula kona, kupuma, n'kutchula ina. Mu Subaru akamamaliza kunena kuti kumanzere, galimoto inali italowa kale m'konamo, ndipo alamu ankangoyendetsa ndi maso. Anati penapake anangotseka buku n'kugwira malamba. Ife amuna anayi tinatha chaka chathunthu tikukonza chitsulo, osaganizako kuti anthu awiri okhala m'katimo nawonso akukwera kalasi.

Mvula itagwa mipikisano inaima, ndipo miyezi imeneyo tinaigwiritsa ntchito mosiyana. Injini tinaimanganso popanda kuwonjezera kalikonse ka mphamvu. M'sampu tinaikamo zotchinga kuti oyilo asathawire mbali imodzi pa kona yaitali pampu n'kumeza mpweya, vuto lodziwika pa injini zimenezi. Paipi iliyonse ndi waya aliyense ndinazitsata ndi dzanja kuyambira pomwe zayambira mpaka pothera, ndipo paliponse pamene zayandikira chitsulo ndinakutira ndi labala n'kumanga. Pakati pa sump guard ndi injini tinaikapo siponji yolimba kuti miyala isalowe n'kutsekeredwa pamenepo. Kutsogolo kwa radiyeta tinaika kawaya ka sefa, chifukwa njere za udzu zimatseka timabowo take msanga kuposa fumbi. Pa dashibodi, molunjika maso a dalaivala, tinamangapo magetsi awiri ofiira aakulu ngati a kumbuyo kwa lole, limodzi la oyilo, lina la madzi. Ndi onyansa, koma sungawaphonye. Brake fluid tinasiya DOT 4 wamba, amene muyezo wake wowira umayambira pa madigiri 230, n'kuika wa mpikisano wopirira kupitirira 300, ndipo timamusintha pafupipafupi chifukwa amayamwa chinyezi.

Bawuti iliyonse ya kumiyendo tikaimanga ndi torque wrench timaikoka kamzere ka penti kuchokera pamutu mpaka pa chitsulo. Ku sevisi sufunikanso sipanala kuti udziwe chamasuka, umangoyang'ana ngati mzere waduka. Tinayambanso kuyeserera sevisi Loweruka masana, aphunzitsi atagwira wotchi. Ulendo woyamba kusintha shoki imodzi yakutsogolo kunatitengera mphindi 34, theka la nthawiyo tikusakasaka soketi. Tinakonza bokosi lililonse ndi ngodya yake ya galimoto, aliyense n'kudziwa wilo lake, mpaka tinatsika kufika pa 12. Izi zili ndi phindu lenileni, chifukwa kuchedwa pa time control, pamene amalemba nthawi imene galimoto yafika, kumadula masekondi khumi pa mphindi iliyonse, ndipo kufulumira kulowa n'koipa kwambiri, mphindi yathunthu pa mphindi iliyonse. Masekondi amene turbo yaikulu ikanatipatsa, soketi yosowa ikanawalanda kawiri.

Alamu ndi msuweni wawo anapempha malo kwa mlimi wina, kamsewu ka makilomita asanu, n'kumayenda komweko mobwerezabwereza. Anasintha kalembedwe konse: mawu afupiafupi, manambala a kukula kwa kona, mtunda wa pakati pa makona, ndipo aphunzitsi anaphunzira kuwerenga makona awiri patsogolo. Pagalaja mpaka lero anyamata amawaseka alamu kuti ndi malo okhawo amene amamvera mzimayi osayankha. Tsiku lililonse loyesa likatha, galimoto inkakwera pa majeke ndipo ine ndinkalowa pansi ndi tochi. Tsiku loyamba ndinapeza paipi ya buleki yakumbuyo ikukhudza sipuling'i. Lachiwiri, nati ya mkono wakutsogolo itatembenuka pang'ono, mzere wa penti utasiyana. Lachitatu sindinapeze kanthu, ndipo ndinalowanso kachiwiri posakhulupirira.

Chimene sitinachiwerengere n'komwe poyamba ndi mtengo woyendetsera. Corolla inkatha mipikisano iwiri kapena itatu pa matayala amodzimodzi. Subaru imawadya onse anayi nthawi imodzi, pa miyala tsiku limodzi lokha amakhala atatha mano, ndipo petulo imamwa ngati pali bowo. Tinakhala pansi n'kuona kuti sitingakwanitse chaka chonse. Tinasankha mipikisano itatu yokha, yapafupi, ndipo tinagwirizana kuti ndalama ya injini ina ikhale padera, isakhudzidwe. Ndikanayambiranso, ndikanawerenga malamulo ndisanagule galimoto, kenako keji ndi zotetezera anthu, mashoki, mabuleki, zoziziritsa, masiku oyesa, ndipo injini ndikanaisiya mmene inabwerera kuchokera ku Japan, kungoiika restrictor ndi mapu ofatsa.

Pa mpikisano wathu wachiwiri ndi Subaru ndinawauza alamu kuti sindikufuna kumva za nthawi, ndikufuna galimoto ibwere yokha ndi mawilo ake. Anandiyang'ana mokhumudwa koma anamvera. Pa siteji yachinayi tayala linaphulika, anasintha awiriwiri m'tchire. Ku sevisi yomaliza tinapeza buti ya CV joint itang'ambika, girizi ali mbwee, tinasintha shafti yonse nthawi isanathe, mnyamata wanga wamng'ono akutukwana chifukwa anapsa ndi ekizozi. Anamaliza achiwiri kuchokera kumapeto m'kalasi yawo, ndipo pa masiteji awiri Corolla yathu yakale, ili m'manja mwa mwini wake watsopano, inatsala pang'ono kuwapeza. Aphunzitsi anatsika nkhope yonse ili fumbi kupatula mozungulira maso, n'kundionetsa buku lawo: sanasochere ngakhale kamodzi.

Lolemba m'mawa tinaitsuka n'kuikweza pa majeke. Bulaketi yogwira difu yakumbuyo yayamba mng'alu, waung'ono ngati tsitsi, ndipo shoki yakumanzere ikuchita thukuta. Ndazilemba pa katoni imene tinakhoma pakhoma la galaja. Alamu anabwera masana, anawerenga katoniyo, kenako anatulutsa foni kundionetsa giyabokosi ya mpikisano imene wina akugulitsa ku Johannesburg. Ndinawapatsa tochi n'kuwauza kuti ayambe alowa pansi akaone mng'alu uja.